Mivi ya a Manase Siinali ya Bango

Tsiku logawa katundu wa amuna anga, ine anandikhazika pamphasa pakati pa azimayi awiri, mutu wometa, maso pansi. Mwambo wake ndi umenewo: namfedwa sayankhula. Amangomva zinthu za m'nyumba mwake zikutchulidwa chimodzichimodzi ngati pamsika wa kaunjika.

Jekete la kutchalitchi linapita kwa msuweni wa ku Iponga. Nsapato zinapita kwa mphwawo wina amene sanapondeko kuchipatala ngakhale kamodzi. Masipanala ndi pampu anati zikhale kaye, akambirana. Zonsezo sizinandikhudze. Tengani, valani, zikuthineni.

Kenako alamu anga a Morton, akulu awo a malemu, analowa kuchipinda n'kutuluka ndi paipi ya pulasitiki imene inkakhala kuseri kwa chitseko. Anatsegula chivindikiro, n'kusolola muvi umodzi, kuuyang'ana padzuwa.

"Izi ndi zida za mwamuna," anatero. "Muvi, mkondo, nkhwangwa sizitsala m'nyumba yopanda mwana wamwamuna. Adada athu atamwalira, phodo lawo linabwera kwa ine. La Manase libweranso kwa ine."

Anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinadzutsa mutu kuti ndinene, koma mayi wa kumanja ananditsina pantchafu, wa kumanzere n'kundinong'oneza kuti, "Yayi, NyaKayira, lero yayi." Mwana wanga Khumbize anali ataima pakhomo la khitchini, ndowa ili m'manja. Anaika ndowayo pansi bwinobwino, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Anatengera bambo ake mwana ameneyu. Akadatengera ine, bwenzi ndowayo itathera pamutu pa munthu.

Mivi imeneyo inali isanu ndi iwiri, ya aluminiyamu, ndipo siinali yophera nyama. Inali ya Khumbize. Aliyense pa Ngara ankadziwa zimenezo kupatula anthu amene anabwera kudzagawa.

A Manase anali okonza njinga m'mphepete mwa msewu waukulu. Zaka zapitazo kusekondale ya pafupi nafe kunabwera mayi wina wachizungu kudzaphunzitsa masamu, atanyamula mauta atatu a masewera ndi mtolo wa mivi. Anayambitsa kalabu yolasa chandamale. Ana ankaphonya, mivi n'kumakamenya miyala ya kuseri kwa bwalo, n'kupindika. Tsiku lina mayiyo anabwera kudzamatitsa tayala, n'kupeza a Manase akuwongola limu la njinga. Anawafunsa ngati angathe kuwongola muvi. Amuna anga mawu oti sindingathe analibe m'kamwa.

Ndi mmene matenda analowera m'nyumba mwanga. Anazula galasi limodzi pazenera la kuchipinda, udzudzu n'kupeza khomo, ati lokunkhunizirapo mivi. Ati muvi wopindika ukamagubuduzika pagalasi umagogoda, wowongoka umayenda chete. Akapeza popindika ankautsamiritsa pachala chachikulu, kukanikiza pang'ono, kuugubuduzanso, kumvetsera, kukanikizanso. Munthu ali panja ndi njinga yophulika akuodira mpaka mawu kutha, iwo khutu lili pagalasi.

"A Manase, kodi tidya mivi muno?"

"NyaKayira, tonthola kaye. Ukundiphonyetsa."

"Mukuphonya kasitomala panjapa!"

"Njinga siithawa, yaphulika kale."

Ndinkatukwana, iwo n'kumaseka. Lero ndikanakonda nditatukwananso choncho, wina n'kuseka.

Mzungu uja pochoka anasiyira sukulu mauta, koma mtolo wa mivi yatsopano anaupereka kwa a Manase m'manja, kuti ndi wawo. Kalabu inatsala ndi a Julius, mphunzitsi wa ku Dedza, munthu waulemu wambiri ngati ndiye analenga ulemu. Khumbize anayamba kutsata bambo ake kubwalo akadali ku pulayimale. Poyamba ankangotola mivi muudzu. Atakula, n'kukoka uta koyamba, a Julius anavula magalasi awo, kuwapukuta, kuvalanso. A Manase anadula miviyo kuti ifanane ndi mkono wa mwanayo. Kachitsulo koyang'anira ka pa uta anakakhazika molingana ndi kulemera kwa mivi yomweyo. Dzanja lake linakula likudziwa kulemera kumeneko basi, monga dzanja langa likudziwira munsi wanga.

Koma muvi umatha. Ina inasowa muudzu, ina inang'ambika kukamwa kolowa chingwe, ina inapindika malo amodzi kambirimbiri mpaka a Manase anaigonjera. Anayamba kufuna ina. Anadula kachidutswa n'kupatsa mayi wina wa geni amene amapita ku Mbeya mpaka ku Dar, kuti akafunse m'masitolo. Mayiyo anabwera ndi ndodo zopachikira makatani, ati ndi zomwe zikufanana. A Julius anaimbira munthu wa ku Lilongwe amene amaitanitsa zida za masewera. Iye anati ya aluminiyamu ya saizi imeneyo sakuitanitsanso, anthu ake onse anapita ku ya kaboni. Dalaivala wa thiraki wopita ku Joni anabweranso ndi mawu omwewo. Kaya kunjako inatheratu, kaya ikadalipo koma siifika kuno, ine sindikudziwa. Ndikudziwa zoti pa Ngara inatha.

Sukulu inalandira ya kaboni ingapo, yakuda, yopepuka ngati phesi. A Manase sankaifuna ngakhale kuiona. Ankati ya aluminiyamu ikavulala imapindika, umaona, umaichiritsa. Ya kaboni imabisa mng'alu m'kati, imaoneka yabwinobwino, tsiku lina n'kungophulika. Ndipo zinachitikadi: wina unaphulikira mnyamata pa uta, kuchipatala n'kumamuzula tizidutswa m'dzanja ngati minga ya nsomba. Kuyambira pamenepo a Manase anati mwana wawo sagwira wakuda iwo ali moyo. Anasunga mawu awo. Chiwindi chinawatenga mvula itangotha, mivi isanu ndi iwiri ili yowongoka m'paipi, yokonzekera mpikisano.

Mpikisanowo ndi uwu. Anthu a masewera ochokera ku Mzuzu ankabwera ku boma kudzasankha atsikana atatu oti akaimire chigawo chathu ku Lilongwe. Khumbize chinali chaka chake chomaliza, chifukwa chaka chinacho msinkhu ukanamupitirira. Bambo ake ali pabedi m'chipatala, milomo itauma, ankamufunsabe kuti, "Chigongono ukukweza?" Sanamufunse za mayeso a sukulu ngakhale kamodzi. Ine ndi amene ndinkafunsa za mayeso, ndipo onse awiri ankandiyang'ana ngati ndalowa m'tchalitchi ndi mbuzi.

Patapita masiku katundu atagawidwa, a Julius anabwera kunyumba. Anakhala pampando chipewa chili pabondo, kupepesa kaye maliro kachiwiri, kufunsa za mpunga, kufunsa za BP yanga.

"Aphunzitsi, nenani chimene mwabwerera. Mpunga wanga simunaudziwe lero."

"Mayi, ndimafuna ndimve za mivi ija. Mwanayu sakubwera kubwalo."

"Abwera kudzaponya chiyani? Miyala?"

Ndinawafotokozera. Anapukusa mutu, n'kunena kuti mwina ayambe kuzolowera yakuda ya kusukulu nthawi ikadalipo, chifukwa imauluka mosiyana, pafunika kusuntha kachitsulo koyang'anira ndi kuphunzitsanso dzanja. Khumbize anali akusankha mpunga m'lichero. Sanadzutse mutu.

"Ndikaponya ndi ya adada, aphunzitsi," anatero. Basi.

Ndinaimbira foni a Morton ku Vinthukutu. Ndinayankhula mwaulemu, Chiuta ndi mboni, ndinameza malovu kangapo. Ndinati alamu, mivi ija ndi ya mwana wanu, ali ndi mpikisano ku boma. Anandifunsa kuti, "Bwanji simunanene tsiku lija?" Ndinaluma lilime. Ndikananena bwanji, anthu anu akunditsina? Iwo anati, "Musadandaule, alamu. Mwana wa mng'ono wanga sangachite manyazi ine ndili moyo. Ndibwera nayo ndekha."

Ndinawakhulupirira. Tinadikira. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Ndikaimba, akuti mawa. Ndikaimbanso, akuti yatsala pang'ono. Sindinafunse kuti chatsala pang'ono n'chiyani, ndinkayesa akunena za ntchito ya kumunda. Lachinayi la sabata ya mpikisano ndinamanga duku langa lakuda n'kukwera minibasi. Azimayi a pamudzi anati namfedwa sayenda mtunda chotero nsalu yakuda isanavulidwe. Ndinati amene akufuna kundiletsa akagone pamsewu.

Ku Vinthukutu ndinapeza a Bessie, akazi awo a Morton, akusenda chinangwa chovuula m'madzi. Anadzidzimuka pondiona, n'kupukuta manja pachitenje.

"Alamu! Mwayenda wuli? Bwanji osatiuza? Khalani, ndikutengereni madzi."

"Madzi ndamwa kwathu. Alamu anga ali kuti?"

"Ali kuseriko ndi ntchito yanu yomweyo. Munthu ameneyu sakudya, sakupita kumunda. Ndawauza kuti mivi imeneyi ndi mkazi wachiwiri."

Anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa mphuno yanga inali itamva kale fungo. Fungo la pulasitiki wopsa.

A Morton anali atakhala pakampando, mbaula ya makala ili pakati pa miyendo. Pathumba loyala pansi panali mivi isanu ndi umodzi, yondandalika bwino ngati ana pamzere. Wachisanu ndi chiwiri unali m'manja mwawo, ataugwira ndi kansanza, akuutembenuza pamwamba pa makala ofiira. Mivi ija inali yobiriwira, yonyezimira. Tsopano inali yotuwa, ya mawangamawanga akuda. Nthenga zake za pulasitiki panalibe. M'malo mwake munali nthenga za nkhanga, zodulidwa mofanana, zomangidwa ndi ulusi wopaka phula.

Atandiona nkhope yawo inawala ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Alamu, mwandipeza ndisanamalize! Ndimafuna ndikudzidzimutseni. Bwerani muone."

Ndinayandikira thumba lija. Iwo anapitiriza okha.

"Iwiri inapindika pang'ono pobwera nayo panjinga, msewu wathu mukuudziwa. Ndinati sindingabwezere mwana chinthu chopindika. Ndinaiwamba pamoto monga ankachitira adada athu ndi mivi ya bango. Alamu, inamvera! Kungoigwira chonchi, yawongoka. Ndiye ndinati bwanji yonse ndisaiwambe kuti ikhwime. Bango losawamba ndi lofewa, likalawa moto limalimba ngati fupa. Manase anali mwana, zimenezi sanazione. Tinthenga take ta pulasitiki tija tinasungunuka, koma musadandaule, n'zachabechabe zija. Nkhanga iyi ndinaitchera ndekha."

Anandionetsa manja. Zala zonse zinali matuza, ena ophulika, ena odzaza madzi.

"Chokhacho chitsulochi n'chamwano. Bango uliwamba uku, uku lili lozizira. Ichi ukachiika pamoto kumutu chimakuluma kumchira."

Ndinawerama n'kutola muvi umodzi pathumba, wozizira kale. Ndakhala ndi a Manase zaka zonsezi, ndikudziwa mmene muvi umakanira chala. Umakankha, umabwerera. Ndinautsamiritsa pachala chachikulu n'kukanikiza pang'ono chabe. Unapinda ngati phesi la nkhwani, n'kukhala chomwecho.

Ndinatola wina. Chimodzimodzi. Wina. Chimodzimodzi.

"Alamu, musaipinde, ikadali yanthete! Ikagona ikhwima."

"Iyi mwaiwamba liti?"

"Imeneyo sabata yatha."

"Ndiye ikhwima liti? Pa Khirisimasi?"

"Alamu..."

"Musanditchule alamu! Munabwera kunyumba kwanga, mwamuna wanga asanaume m'manda, n'kulowa kuchipinda kwanga ngati kwanu. Munafunsa ndani? Munafunsa mwana amene amaiponya? Munafunsa aphunzitsi? Ayi, inu ndinu mwamuna, mumadziwa zonse za muvi chifukwa munalasapo gwape Kamuzu asanabwere! Ili si bango, a Morton! Ichi ndi chitsulo cha mapoto! Moto umachifewetsa, sichibwereranso! Mng'ono wanu ankaopa ngakhale kuisiya padenga la malata masana, inu mwaiotcha ngati chimanga!"

A Bessie anathamanga kuchokera kumaso, mpeni wa chinangwa udakali m'manja. "Alamu, chonde, mukuyankhula ndi akulu a amuna anu. Anthu akumva."

"Amve! Aitaneni abwere adzaone ukulu wake! Abale anu anatenga jekete, ndinakhala chete. Anatenga nsapato, ndinakhala chete. Chinthu chimodzi chokha chimene munthu uja anasiyira mwana wake ndi manja ake, chimene sichikupezeka ku Mbeya, ku Lilongwe, ku Joni, mwachiika pambaula!"

A Morton sanakwiye. Chimenecho ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Akadakwiya bwenzi titatukwanizana, mtima n'kutsika. Iwo anangondiyang'ana ndi chifundo, monga umayang'anira munthu amene maliro amusokoneza mutu.

"Ndi chisoni chikuyankhula, Bessie, asiye. Alamu, inu za mivi simungazidziwe, si mlandu wanu. Tengani, mwanayo akaone yekha. Loweruka ndibwera ku boma kudzamuonerera."

Anaiwongolanso ndi zala zawo za matuza itatu imene ndinapinda, mosavuta ngati akuwongola waya, n'kuilowetsa m'paipi mosamala kuti nthenga zisathyoke. A Bessie anandipatsa chinangwa m'jumbo. Ndinachisiya pakhonde.

M'minibasi ndinaikumbatira paipiyo ngati mwana wodwala. Kondakitala anati, "Amama, chimenecho tiike kumbuyo." Ndinamuyang'ana kamodzi, sanabwerezenso.

Khumbize ndinamupeza akuchapa yunifolomu. Ataona paipi anaimirira, thovu lili m'manja, nkhope yake n'kumasuka koyamba chimwalirireni bambo ake. Ndinafuna kubwerera nayo kumsewu. Anapukuta manja, anatsegula, anasolola umodzi. Anauyang'ana nthawi yaitali. Anasisita nthenga ya nkhanga ndi chala.

"Amanga bwino," anatero.

"Khumbize, aiotcha."

"Ndaona, amama."

"Tukwana, mwana iwe! Lira! Chita kanthu!"

Anabwezera muvi m'paipi n'kupita kukamaliza kuchapa.

M'mawa mwake tinapita kubwalo la sukulu, ine, iye ndi a Julius. A Julius atagwira muvi umodzi anaubweza m'paipi. Koma Khumbize anati ayese. Anaima monga anamuphunzitsira bambo ake, phazi uku phazi uku, chigongono m'mwamba, chingwe mpaka pachibwano. Muvi unachoka ukugwedeza mchira ngati mlamba, n'kukalasa m'mphepete mwa chandamale. Titafika pafupi tinaupeza utapindika pakati, wokha, ndi mphamvu ya kulasa komweko. Wachiwiri sunafike n'komwe. Unapinda ukuchoka pa uta, n'kumukwapula pamkono, n'kugwera apo.

"Basi," anatero a Julius, n'kugwira uta. "Wachitatu ukulasa iwe mwini. Mayi, pepani. Pepani kwambiri."

"Mukupepesa chiyani inu? Munayatsa mbaula ndinu?"

Anapita ku ofesi n'kubwera ndi yakuda itatu. Inali yaitali kuposa mkono wa mwanayo, ndipo sakanaidula chifukwa mtsikana wina wamtali wa pasukulupo, Leticia, ankaiponyanso. Khumbize anailandira ngati akulandira njoka. Anaipinda pang'ono pafupi ndi khutu kumvetsera mng'alu. Tsiku lonselo anaponya, a Julius akusuntha kachitsulo, iye akuponya, mpaka zala zinatupa. Zimene dzanja laphunzira zaka, a Julius ankafuna lizisiye tsiku limodzi.

Loweruka ku boma kunali mphepo ya kunyanja, fumbi likuzungulira pabwalo. Kunabwera atsikana a ku Chitipa, a ku Rumphi, a ku Mzuzu, onse ndi mivi yakuda, ena m'maphodo achikopa a zipi. Ine ndinakhala pansi pa mtengo ndi nsalu yanga yakuda, anthu akundiyang'ana. Sindikudziwa mawerengedwe awo, koma maso ndili nawo: pakati pachikasu, kenako pofiira, kenako pabuluu, ukapita kunja ndiye kulibe kanthu.

Woyamba wa Khumbize unadutsa pamwamba pa chandamale, n'kukagwa muudzu. Anyamata ena anaseka. Wachiwiri unalasa pabuluu, m'mwamba. Wachitatu mphepo inautenga. Mivi yolemera ya bambo ake mphepo yotere inkangoiboola, iye ankadziwa kuti aitsamiritse pati. Iyi inkapita kumene mphepo yafuna. Akatha kuponya ankathamanga kukaizula, kupatsa Leticia, kudikira, kulandiranso. Sanayang'ane kumene ndinakhala ngakhale kamodzi.

Cha pakati anayamba kuigwira. Pofiira. Pofiira. Kenako pachikasu. A Julius anaiwala ulemu wawo wonse, anadumpha n'kufuula ngati ali ku mpira. Omaliza atatu onse analowa pachikasu, moyandikana ngati zala. Mayi wina wa ku Mzuzu, wa chipewa choyera, anayang'ana mwanayo n'kugwedeza mutu. Mtima wanga unayamba kunama kuti mwina.

Anaitana mayina atatu. Wa ku Mzuzu, wa ku Rumphi, wa ku Mzuzu wina. Khumbize anali wachinayi. Mayi wa chipewa uja anamugwira paphewa n'kunena kuti dzanja ali nalo, akanayamba monga anamalizira bwenzi ali woyamba, abwerenso chaka chamawa. A Julius anamuuza za msinkhu. Mayiyo anati, "Aa, pepani," n'kutembenukira kwa amene anasankhidwa kuti ajambulitse.

Pamenepo ndi pamene ndinawaona a Morton. Anali ataima kumapeto kwa bwalo pafupi ndi chipata, atavala suti yawo ya kutchalitchi, phava la nthochi lili m'manja, zala zokulungidwa tinsanza toyera. Kaya anafika nthawi yanji. Khumbize anapereka uta kwa a Julius, n'kuyenda kulunjika kuchipata. A Morton anamutambasulira nthochi.

"Mwana wanga, waponya ngati mwamuna. Koma bwanji yakudayi? Ya adada ako ili kuti?"

Khumbize anagwada pang'ono monga mwa ulemu. "Yewo, adada, mwabwera," anatero. Nthochi sanalandire. Anadutsa, n'kutuluka pachipata, kulowera kudepoti.

Ndinafika ine. Ndinali nditakonza mawu m'mimba kuyambira Lachinayi, mawu oti munthu akawamva asadzagonenso. A Morton anandiyang'ana, n'kuyang'ana a Julius amene anali kumbuyo kwanga.

"Aphunzitsi, ndiuzeni inu. Mivi ija siinakhwime?"

A Julius anayamba zawo. "Bambo, zinthu izi n'zovuta, mphepo inalinso yambiri, ndipo mwanayu wayesetsa..."

"Ayi," anatero a Morton. Anatembenukira kwa ine. "Alamu, inu simunama. Mwanayu wagwa chifukwa cha ine?"

Bwalo lonse linali phokoso, ana akuimba, wina akuyesa chimkuzamawu. A Julius ankandiyang'ana ndi maso opempha. Ndikanatha kunena kuti ndi mphepo. Mkhristu wabwino akananena kuti ndi mphepo.

"Chifukwa cha inu," ndinatero.

A Morton anakhala pansi pafumbi pomwepo ndi suti yawo, nthochi zili pamiyendo, n'kuphimba nkhope ndi manja a tinsanza aja. Pamaliro munthu ameneyu sanagwetse msozi, ankayendetsa mwambo, kuloza uyu akumbe, uyu anyamule. Pachipata cha bwalo la boma analira ngati mwana, akuitana, "Manase, Manase, mng'ono wanga, ndimafuna ndikukonzere." Anthu anayamba kutizungulira.

Mawu anga onse aja ndinawafunafuna, sindinawapeze. Ndinaima pamenepo, wolakwa ali pansi, ine wolungama ndili chilili, ndipo palibe chimene chinabwerera. Ndinawasiya ndi a Julius n'kutsata mwana wanga.

Ndinamupeza atakhala kale m'minibasi, kumpando wa kumbuyo, nkhope ili kuzenera. Ndinakhala pambali pake. Galimoto inadzaza, inanyamuka, tinadutsa minda ya mpunga wokolola kale. Ndinati ndimuuze kuti a Julius akuti kuli mipikisano ya akuluakulu, kuti yakuda ija wayamba kuizolowera, kuti dzanja ali nalo. Ndinangoyamba kuti, "Khumbi, aphunzitsi akuti..."

"Amama," anatero osatembenuka, "ine sindinkakonda uta. Ndinkakonda kubwera nayo yopindika kuti adada andiwongolere."

Kubwalo sanapitenso. A Julius anabwera kawiri kudzamupempha, iye anawalandira bwino, kuwapatsa mpando ndi madzi, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.